Chaka Chimene Ana Anakana Bakha

6 Okutobala

Okondedwa amuna anga,

Landirani moni wochokera kuno. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino inuyo, ana athu awiri, ndi mng'ono wanga amene akutisungira pakhomo. Ine ndili bwino ndithu. Mukaona zilembo zikupendama musadabwe, dzanja lamanjali linakhudzana pang'ono ndi chitseko cha uvuni, koma likupola.

Katundu ndapatsira adalaivala a basi omwe aja. Muli nsapato za wamkulu wathu, Mayi Busa. Ndikhulupirira sanasiye kudzudzula aliyense pakhomopo ngati ali pa guwa. Kanyerere ndamuikira masiwiti, koma muwabise pamwamba pa kabati, mukudziwa kuti dzina lakelo sanalitole pamsewu. Juzi yabuluu ndi yanu. Mafuta odzola ndi a mng'ono wanga, mumuthokoze m'malo mwanga. Zinthu kuno zakwera, ngakhale sopo akugulidwa moganizira, ndiye musaone kuchepa.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mwezi uno mugule abakha awiri aang'ono kuti pofika Khirisimasi akhale atanona. Musadikire Disembala, nthawi imeneyo ogulitsa amakula mtima ndipo amakupatsa bakha wokalamba wolimba ngati tayala. Muziwapatsa madeya ndi masamba a kabichi. Poto wanga wa khutu limodzi uja ndi wa bakha yekha, musalole kuti aziphikiramo nyemba. Chaka chino ndi chachitatu ndisakudya nanu, koma tsikulo likafika ndimatseka maso n'kumva fungo la bakha ndi malalanje m'nyumba mwathu, mtima n'kukhala pansi.

Chithunzi ndachilandira. Kanyerere watalika, ine ndinamusiya akundigwira m'mawondo. Koma tebulo likutani pakhonde? Ndinalisiya pabalaza, pansi pa zenera. Diresi la maluwa achikasu limene wavala mng'ono wangalo ndikulidziwanso. Sindikudandaula, chovala chikangokhala m'sutikesi chimadyedwa ndi njenjete. Ndangoti ndinene kuti ndaliona. Inunso masaya atuluka.

Ntchito ili chimodzimodzi. Agogo amene ndimawaphikira ndi kuwasamalira maso atheratu, koma pakamwa ndi pamoyo. Mwana wawo, Dona, amabwera Loweruka lililonse kudzatsegula firiji ndi kununkhiza mapoto. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Ndine mkazi wanu wokukumbukani.

3 Novembala

Amuna anga,

Yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Kanyerere chinatha. Ine ndili moyo. Dzanja lapola, pangotsala chipsera.

Kalata yanu ndinaiwerenga ndili chiimire kukhitchini, kenako ndinakoka mpando n'kuiwerenganso. Mukuti abakha simugula chifukwa ana sakumufuna bakha. Mukuti Khirisimasi yathayi munadya nsomba yokazinga ya mandimu ndi supageti, zophika mng'ono wanga, ndipo ana ananyambita mbale. Ndiye tsiku lija ndinkakufunsani pafoni kuti bakha wapsa bwanji, inu n'kuyankha kuti zonse zayenda bwino, munkanena nsomba?

Kodi mwaiwala mmene bakha analowera m'banja mwathu? Chaka chathu choyamba, tilibe ngakhale mpando, munakhoma denga la munthu wina, iye n'kukupatsani bakha wotsimphina. Amayi anu anati bakha ndi nyama yonunkha, iwo sadya. Ndinamupaka mchere, adyo ndi jinja, m'mimba ndinaikamo malalanje a mtengo wa kuseri uja, makala pansi, makala pa chivundikiro. Amayi anu anadya ntchafu, n'kutambasula mbale kufuna ina, osandiyang'ana kumaso. Tsiku limenelo ndi limene anayamba kunditchula kuti mwana wanga. Kuchokera pamenepo aliyense ankadziwa gawo lake: ntchafu za akuluakulu, chidali chanu, mapiko a ana, ine khosi ndi zokakamira pansi pa poto. Palibe anadandaulapo.

Supageti ngakhale mwana wa sukulu amaphika, ndi madzi owira basi. Nanga nsomba yaikulu yokwanira banja lonse, nyengo ya Khirisimasi, munaipeza bwanji inu amene mumalira ndi mtengo wa tomato?

Ana sadziwa chimene akufuna. Kanyerere anamudya bakha mano asanakwane, angakane bwanji chinthu chimene sakuchikumbukira? Gulani abakhawo. Ndipo mundiuze zoona, mpando wanga wa pafupi ndi chitseko cha kukhitchini akukhalapo ndani?

Agogo anagwa kubafa sabata yatha, mwamwayi sanathyoke. Dona anandifunsa kuti ndinali kuti, ngati kuti munthu angachape ndi kugwira nkhalamba nthawi imodzi. Anafunsanso za pepala langa lija londilola kugwira ntchito m'dziko lino. Musade nazo nkhawa.

Moni kwa ana. Kwa mng'ono wanganso.

Ndine mkazi wanu.

1 Disembala

Bambo a ana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Lamlungu ndinaimba foni inu muli ku msonkhano wa kutchalitchi. Anayankha ndi Kanyerere. Ndinati, "Kanyerere mwana wanga, ndine amayi ako." Anaika foni pansi. Kenako ndinamumva akuitana chakutali, "Amayi, bwerani, akuimba amayi a kutali aja."

Ndinamuphunzitsa ndekha ndisanachoke kuti mng'ono wanga ndi amayi aang'ono. Mawu oti aang'onowo anagwera kuti? Ndipo ndani anandipatsa ine dzina loti a kutali? Mwana sangazipeke yekha zimenezi, ndipo ngati anazipeka, panali akuluakulu awiri pakhomopo oti amukonze.

Mng'ono wanga anabwera pafoni akuseka. "Achemwali, musamutengere, ndi mwana." Ndinati ndamva, n'kudula.

Chachiwiri. Akazi a adalaivala anabwera nawo ulendo uno, ndipo akuti anakuonani Loweruka lina kumsika, pa mabenchi a nsomba, inu ndi iyeyo atavala diresi langa lija, mukuseka mpaka kugwirana mapewa. Sindinawafunse, anangoyamba okha. Inu amene zaka zonsezi simunandiperekezepo kumsika. Munkati fungo la nsomba limakupweteketsani mutu. Mutuwo unachira liti?

Ndaganiza mofatsa. Mng'ono wanga abwerere kwa amayi Khirisimasi isanafike. Mayi Busa wakula, akhoza kuphika ndi kuchapa, ndipo azakhali anu ali pafupi. Musandilembere zoti nanga ana. Anawo ndinabereka ndine, ndipo msana umene ndikuthyola kunowu ndikuthyolera iwo, osati kuti wina azidyera pa mpando wanga. Diresilo atenge, sindidzalivalanso. Poto asiye.

Kaphikidwe ka bakha ndalemba kuseri kwa pepalali. Muphike inu ndi Mayi Busa. Ngati abakha aang'ono aja simunagule, gulani wamkulu yemweyo, ngakhale akhale tayala.

Mukakana ndidziwa chimene mwasankha.

Ndine mayi wa ana anu.

27 Disembala

Amuna anga,

Moni. Ndikhulupirira m'mimba mwakhazikika tsopano. Ine ndili bwino.

Mwachita bwino kumutumiza mng'ono wanga monga ndinanenera. Za bakha musataye mtima. Ngati kunja anapserera koma m'kati muli magazi, ndiye kuti makala munachulutsa pamwamba. Ndinalemba kuti pang'onopang'ono, ndipo ndinadula mzere kunsi kwake. Mayi Busa mumuuze asalire, ine bakha woyamba amene ndinaphika ndili mtsikana ngakhale galu anamuzungulira.

Koma za Kanyerere sizinandisangalatse. Mukuti anadya mpunga wothira shuga pansi pa tebulo. Pamene munamupatsa foni ndinamumva ndi makutu anga akuti, "Sindikufuna, ndi amene anathamangitsa amayi." Anamuuza ndani zimenezi? Inunso munangoti, "Zachitika monga munafunira," n'kupereka foni kwa Mayi Busa. Sindinazolowere kulankhulidwa choncho pa Khirisimasi.

Imvani za kuno. Dona anabwera ndi amuna ake ndi ana. Anandiuza kuti chaka chino ndisaphike, wagula nkhukundembo yowotchawotcha kuhotela, ndi tizakudya tina m'mapulasitiki. Anayala nsalu yoyera, anayatsa makandulo, pa mpando wa malemu amayi ake anaikapo duwa monga amachitira chaka chilichonse. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chili chotsegula.

Agogo anatafuna, anatafuna, kenako analavulira m'kansalu.

"Waphika ndani izi?"

Dona anati, "Ndagula kuhotela yabwino, adadi. Ndi ngati zimene ankaphika amayi."

"Amayi ako sankaphika utuchi. Muitaneni mtsikana wanga andipatse supu wake."

Amanditchula mtsikana wawo, poti imvi zangazi sakuziona. Ndinali nditawasungira supu wa nkhuku ndi mbatatesi zosinja, podziwa nkhama zawo. Anadya yense, anapukuta mbale ndi buledi. Kenako anapapasa mpando wa duwa uja, anachotsa duwalo n'kuti, "Khala apa, waima tsiku lonse." Ndinayang'ana Dona. Agogo anati, "Ndati khala." Ndikanakana bwanji? Ndinakhala, epuloni ili m'chiuno. Dona anaimirira n'kupita kukhitchini, ndipo mpopi unatsegulidwa nthawi yaitali ngakhale munalibe mbale yoti atsuke.

Ndiye muwauze a kumeneko kuti kuno kuli anthu amene akulidziwa dzanja langa.

Ndine mkazi wanu.

19 Januwale

Okondedwa amuna anga,

Ndikufunirani chaka chabwino, ngakhale mochedwa. Ine ndilipo.

Amayi andilembera kalata yoti ndikanakhala pafupi akanandikoka khutu. Akuti mnyamata wogulitsa nsomba kumsika akufuna kukwatira mng'ono wanga. Akuti nsomba zonse zija simunkagula, ankabweretsa yekha pa njinga, atazipala kale. Akutinso Loweruka lija mng'ono wanga anakupemphani kuti mukamuone mnyamatayo ngati ndi munthu, poti abambo athu kulibenso, ndipo munkaseka chifukwa iye pochita manyazi anakupatsani moni ndi dzanja lodzaza mamba.

Ndiye nonse munkadziwa. Inu, amayi, ngakhale Mayi Busa amene sasunga kanthu m'kamwa. Munadya nsomba za chibwenzi chaka chonse, ine ndekha ndili mumdima. Amayi akuti munaopa kuti ndikamva ndiyamba kuda nkhawa za amene atsale ndi ana. Mwina. Koma bwanji pamene ndinalemba kalata ija simunandiyankhe zoona? Munangomunyamulira mng'ono wangayo chikwama mpaka pa basi. Amayi akuti ndi iyeyo anakuletsani, anati ngati achemwali angandiganizire zotero, asiyeni aganize. Mtima umenewo ndi wa kwathu, ndikuudziwa.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Mwana ameneyo ndinamubereka kumsana ndine. Kuyatsa moto anaphunzira kwa ine. Tsiku limene wapeza mwamuna, wakauza mlamu wake, osati ine. Za kumsika zija ndazichotsa mumtima. Zoti mwana wanga azimutchula amayi sizinachoke, ndipo sindikunamizani kuti zachoka.

Mukuti Kanyerere akudya ngati mbalame ndipo wayambanso kukodza pogona. Musamukalipire. Mumugulire mkaka, ndipo mumuuze kuti amayi ake enieni akuti adye.

Kuno zinthu zasintha pang'ono. Dona wabweretsa anesi a yunifolomu yoyera, ndipo akuti Agogo azidya zaufa za m'zitini zimene alemba adokotala. Ine andichotsa kukhitchini, ndatsala ndi kuchapa ndi kukolopa. Agogo akandiitana, anesi amatseka chitseko. Masana ena anesi atapita kogula mankhwala ndinawalowetsera supu m'kapu ya tiyi. Anamwa atandigwira dzanja la chipsera lija. Izi musawauze amayi.

Ndine mkazi wanu.

22 Febuluwale

Amuna anga,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kungoti miyendo ikutupa madzulo. Makalata musatumizenso ku adiresi yakale, muziwapatsa adalaivala, akudziwa kumene ndili.

Agogo anawatengera ku nyumba yosungirako okalamba. Galimoto inabwera m'mawa ine ndikuyanika zovala kuseri. Ndinangowamva akufunsa anesi ngati chakudya cha masana chapsa. Pamene ndinkazungulira nyumba, geti linali litatsekedwa kale.

Dona anandiitanira pabalaza. Anati, "Wagwira ntchito bwino, koma nyumba ino tikugulitsa." Ndinati zikomo. Anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sanachitepo. Ndiye anati, osandiyang'ana, "Ukudziwa, kuyambira ndili mwana bambo anga sanapemphepo kuwonjezera chimene ndaphika ine." Ndinanyamula chikwama changa.

Pano ndikukhala ndi amayi a kutchalitchi kwathu kuno, tonse m'chipinda chimodzi, matiresi timaimika kukhoma kukacha. Ndapeza ganyu yotsuka mbale pa kalesitilanti pafupi ndi depoti. Pepala langa lija linali la ntchito ya kwa Agogo, ndiye mukumvetsa kuti ganyuyi ndikuigwira mobisa. Mwezi uno katundu sinditumiza.

Tsopano za Kanyerere. Mukuti munamutenga n'kukamusiya kwa amayi, kumene kuli mng'ono wanga, chifukwa anaonda mpaka aphunzitsi ake anakuitanani. Munachita zimenezi osandifunsa. Ndinakwiya tsiku lonse, mpaka ndinaswa mbale ya eni ake. Madzulo ndinawerenganso pamene mwalemba kuti atangofika anadya mbale ziwiri n'kugona pa miyendo ya iyeyo, ndipo masaya ayamba kubwerera. Pamenepo ndinawerenga kangapo. Mbale ziwiri.

Musiyeni komweko. Koma tsitsi asamumete, ngakhale litavuta kupesa. Ndikufuna kudzamuluka ndekha.

Amayi akuti ukwati ndi wa mu Epulo, ndipo zophika atenga azakhali a mwamunayo. Anthu amene sitikulidziwa n'komwe dzanja lawo. Ine sanandifunse.

Mayi Busa mumuthokoze chifukwa cha kakalata kake. Wandilalikira masamba awiri za kukhululukirana, ndi mavesi omwe. Mumuuze ndamva, ndipo mawu oti chikhululukiro walemba molakwika.

Ndine mkazi wanu.

20 Malichi

Okondedwa amuna anga,

Moni wanga womaliza wa papepala ndi uno. Ndili bwino, miyendo yaphwa.

Ndikubwera. Ndikwera basi ya adalaivala athu omwewa, yofika Loweruka loyamba la Epulo. Musayembekezere masutikesi ngati a anthu ena obwera kuchokera kunja. Ndili ndi chikwama chimene ndinapita nacho, bulangete, ndi mpeni wabwino umodzi wa kukhitchini. Anthu akafunsa muziti wabwerera ukwati. Si bodza.

Mng'ono wanga ndinamulembera. Zimene ndinalemba ndi za iye ndi ine. Wayankha mizere iwiri: "Bwerani achemwali. Mpunga wa paukwati ulibe mwini." Mpunga. Nyama apatsa azakhali a eni ake, ine mpunga. Chabwino. Adzaudya mpunga umenewo mpaka adzaiwala kuti panali nyama.

Kudepoti mubwere nokha. Musawasambitse ana n'kuwaimika pamzere ngati akulandira mlendo wa boma. Kanyerere mukamutenge Lachisanu kuti ndidzamupeze pakhomo, koma musamukakamize kundipatsa moni, ndipo musamuuze dzina loti anditchule. Akabisala kuseri kwa chitseko musiyeni. Ndaganiza kuti ndidzangolowa kukhitchini n'kuyamba kuphika, iye adzabwera yekha ndi mphuno.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna thandizo lanu. Ophika a palesitilanti pano amandibwereka chiwaya masana makasitomala akachepa. Ndayesa kukazinga nsomba ya mandimu ija. Ulendo woyamba inakakamira n'kuphwanyika. Wachiwiri inatuluka yathunthu koma yowawasa, ndipo amayi a kuchipinda kwathu anangodya mwaulemu. Ine amene ndaphikira anthu moyo wanga wonse, kundikanika kansomba ka mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira mpeni.

Mumufunse Mayi Busa, poti ankaima pambali pa mng'ono wanga akamaphika. Mandimu amathira nsomba isanalowe m'mafuta kapena itatuluka? Amaipaka ufa? Pali kena kamene amaikamo, ndikudziwa kuti kalipo. Yankho mupatsire adalaivala sabata ino kuti ndiyeserenso ndisananyamuke.

Mumufunse ngati kuti amene mukufuna kudziwa ndinu. Ndipo mumulumbiritse Mayi Busayo, Baibulo lili m'manja, kuti amayi ake aang'ono asamve.

Ndine mkazi wanu, mayi wa onse awiri.